Timbalame ta m'nkhalango za m'mapiri: tigawe potengera nthenga, nyimbo, DNA kapena mapointi?

Amene munafanizapo mabuku awiri a mbalame, lina lakale lina latsopano, mukudziwa mmene mutu umazungulirira. Chithunzi ndi chomwecho koma dzina lasintha, banja lasintha, pena kambalame kamene kanali kamodzi lero akuti ndi mitundu isanu kapena kuposa. Ndipo mukaonetsetsa, chisokonezo chambiri chili pa timbalame ting'onoting'ono toimba ta m'nkhalango za pamwamba pa mapiri, tija tobiriwira kapena totuwa timene timangoonekera kamphindi kenako tabisala m'masamba.

Vutoli limayambira pa phiri penipenipo. Nkhalango yozizira ya nkhungu ya pamwamba pa phiri ili ngati chilumba, kungoti m'malo mwa madzi yazunguliridwa ndi chigwa chotentha, nde kambalame kozolowera mthunzi ndi chinyontho sikalimba mtima kudutsa makilomita ambirimbiri a tchire louma kupita phiri lina, kamangokhala pomwepo. Zaka masauzande zimapita, pena mamiliyoni, gulu lililonse likusintha pang'onopang'ono pa phiri lake. Ndiye akatswiri akafika amakumana ndi mafunso awiri, ndipo chonde tisamawasakanize chifukwa mikangano yambiri imachokera pomwepa. Loyamba: kambalameka abale ake ndi ndani, kali m'banja liti? Lachiwiri: ka pa phiri ili ndi ka pa phiri ilo ndi mtundu umodzi kapena iwiri? Njira yoyankha bwino funso loyamba si imene imayankha bwino lachiwiri. Apa ndikamati mtundu ndikunena species, kamtundu ndi subspecies.

Ya Mayr: kodi zimakwatirana?

Mu 1942 katswiri wa zamoyo Ernst Mayr anafotokoza mfundo imene mpaka lero ndi maziko: magulu awiri ndi mtundu umodzi ngati kutchire amakwatirana nkuswa ana, ngati amakhala malo amodzi koma sasakanikirana ndiye kuti ndi mitundu iwiri. Ine mfundoyi ndimailemekeza kwambiri chifukwa woweruza ndi mbalame zenizenizo osati munthu. Pa phiri limodzi imagwira ntchito bwino zedi, mumapeza gulu lina mmunsi lina pamwamba, malire awo akukhudzana koma aliyense akukwatira kwawo, apo palibe chokambirana. Koma nanga ka pa Kilimanjaro ndi ka ku Taita Hills, timene sitidzakumana olo tsiku limodzi? Apa katswiri amangofunika kuganizira kuti tikanakumana tikanafunana kapena ayi. Njira zina zonse zimene zikubwerazi, tikanena zoona, ndi njira zoyesera kuyankha funso lomweli popanda kuliona ndi maso.

Nthenga, mlomo ndi rula

Iyi ndi yakale kuposa zonse. Mumapita ku museum, ngati ija ya ku Tring ku England imene ili ndi zikopa za mbalame zoposa 700,000, mumayala zikopa za phiri ili pambali pa za phiri ilo, nkuyeza phiko, mchira, mlomo ndi mwendo mu mamilimita, nkufaniza mtundu wa nthenga za pakhosi ndi pamimba. Ubwino wake ndi woti wina aliyense atha kubwera patapita zaka 50 nkuyezanso chikopa chomwecho, komanso dzina lililonse la sayansi limamangidwa pa chikopa chimodzi chosungidwa, nde popanda madirowa amenewo maina onse angakhale m'malere. Pa timitundu panali ngakhale lamulo la 75 peresenti, limene Dean Amadon analongosola mu 1949, loti zambiri za gulu limodzi zizisiyanitsika ndi pafupifupi zonse za gulu linalo.

Koma nthenga zimanamiza, ndipo zimanamiza mbali ziwiri. Nkhalango ya m'phiri imaumba mbalame mofanana: mapiko afupi ozungulira, miyendo yolimba yodumphira pansi, mtundu wosawala. Choncho mbalame zosakhala pachibale zimafanana, pomwe wachibale weniweni amatha kusintha mpaka osazindikirika. Chitsanzo chimene chimandidabwitsa nthawi zonse ndi madanga, kambalame ka m'mapiri a chilumba cha Buru ku Indonesia. Kanalembedwa mu 1923 ndipo kwa zaka pafupifupi 90 kankawerengedwa m'banja la ma white-eye, tija ta mkombero woyera kuzungulira diso. Mu 2015 Per Alström ndi anzake anapeza kuti ndi pipit! Pipit imene timaidziwa ikuyenda pansi pa udzu, iyi inalowa m'nkhalango nkuyamba kukwera mitengo, thupi nkusintha kutsatira moyo watsopanowo. Chimodzimodzi elachura ya kum'mawa kwa Himalaya, ankaiika pakati pa ma babbler, mu 2014 zinadziwika kuti ilibe wachibale wapafupi ndipo inapatsidwa banja lakelake. Dapple-throat imene Jack Vincent anaipeza pa phiri la Namuli ku Mozambique inalembedwa mu 1933 ngati m'bale wake wa pumbwa, kenako inakankhidwakankhidwa uku ndi uku, pano ili m'kabanja ka mitundu itatu yokha pamodzi ndi spot-throat ndi grey-chested babbler. Ku Costa Rica ndi Panama kuli wrenthrush, dzina likuti wren komanso thrush koma si chilichonse mwa ziwirizo.

Palinso kakuti zikopa zimafwifwa zikakhalitsa, ndipo mtundu wa diso ndi wa miyendo umatha mbalame ikangofa, ngati wosonkhanitsayo sanalembe pa kapepala basi watayika. Chigamulo changa: pa funso la banja musadalire nthenga zokha. Pa funso la mtundu zimathandiza, koma zimaphonya zambiri.

Nyimbo

Apa nde pamene mtima wanga uli, ndinene poyera. M'nkhalango yowirira momwe simuona mamita 5 kutsogolo, mbalame zimadziwana ndi makutu kuposa maso. Yaimuna imaimba kuti ino ndi ndime yanga komanso kuitana yaikazi, ndiye ngati nyimbo za magulu awiri zasiyana kwambiri, mpata woti akwatirane umachepa. Tikamamvera nyimbo timakhala tikufunsa funso la Mayr lija m'chilankhulo cha mbalamezo.

Kachitidwe kake nkosavuta kumva. Mumajambula mawu ndi rekoda, kompyuta imawasandutsa chithunzi chotchedwa sonogram, mumayeza kutalika kwa kachigawo kalikonse, kukwera kwa mawu, kuchuluka kwa tizigawo pa sekondi. Kenako mumatenga sipika kupita kunkhalango nkuyimbira yaimuna nyimbo ya gulu linalo. Ikabwera mwaukali kudzathamangitsa mlendo ndiye kuti yamva mnzake, ikangopitiriza kusaka tizilombo ngati palibe chachitika ndiye kuti kwa iyo ndi phokoso chabe.

Taonani zimene zinachitika ndi golden-spectacled warbler ya ku Himalaya ndi China. Kwa nthawi yaitali inali mtundu umodzi, kobiriwira pamwamba kachikasu pamimba, kamkombero kachikasu pa diso. Mu 1999 magulu awiri a akatswiri, la Alström ndi Urban Olsson komanso la Jochen Martens, anasonyeza kuti muli mitundu ingapo, ndipo lero tikuwerenga 6. Pa phiri la Emei Shan ku Sichuan ingapo mwa mitunduyi imakhala mosanjikizana kuyambira mmunsi mpaka pamwamba, uliwonse ndi nyimbo yake, pomwe m'dzanja mukaigwira kusiyana kwake ndi timizere ta pamutu ndi kuyera kwa nthenga za mchira basi. Winanso ndi plain-backed thrush, iyi ndi yokulirapo pang'ono koma nkhani yake ndi yomweyi: ya pamiyala pamwamba pomwe mitengo yathera imaimba mokhadzula, ya m'nkhalango mmunsi mwake imaimba mokoma, ndipo mu 2016 ya m'nkhalangoyo inalembedwa ngati mtundu watsopano, Himalayan forest thrush, dzina la sayansi Zoothera salimalii polemekeza Salim Ali, katswiri wa mbalame wa ku India. Zikopa zake zinali m'madirowa kale, anthu amangozidutsa.

Ku mapiri a Andes kuli ma tapaculo a gulu la Scytalopus, totuwa ngati mbewa tothamanga pansi pa ndere. Cha m'ma 1970 ankawerenga mitundu pafupifupi 10, lero yatsala pang'ono kukwana 50, ndipo itatu inalembedwa ku Peru mu 2020 mokha, pafupifupi zonsezi chifukwa cha makutu a anthu ngati Niels Krabbe. Koma apa pali kanthu kofunika kukamvetsa. Ma tapaculo ali mbali ya mbalame zimene zimabadwa ndi nyimbo yake m'magazi, siziphunzira, nde nyimbo ikasiyana mumadziwa kuti chibadwa chasiyana. Timbalame toimba tenitenito, ma warbler, ma robin, ma white-eye, timaphunzira nyimbo kwa akuluakulu ngati mmene mwana amaphunzirira kuyankhula, ndiye phiri lililonse litha kukhala ndi kalankhulidwe kake popanda kukhala mtundu wina. Tina timakoperanso nyimbo za mbalame zina, ma robin-chat ndi akatswiri pa zimenezo. Komanso sipika ija imayesa ukali wa yaimuna, pomwe wosankha mwamuna ndi yaikazi, ndipo yaikaziyo kuiyesa kutchire nkovuta kwambiri.

Ubwino wina ndi mtengo. Foni yabwino ndi kamaikolofoni zimakwanira kuyamba, ndipo webusaiti ya xeno-canto, imene inayamba mu 2005, pamodzi ndi Macaulay Library ya ku Cornell zili ndi mawu ambirimbiri oti aliyense amvere ulere. Pempho langa ndi loti sipika isamagwiritsidwe ntchito mwachisawawa, kambalame kamene kakuthamangitsa mdani wosaoneka kasiya chisa ndi ana.

DNA

Pa funso la banja palibe njira yoposa iyi, apa sinditsutsana ndi munthu. Kale kunali banja lotchedwa Sylviidae momwe ankangoponyamo kambalame kalikonse kakang'ono kodya tizilombo kosadziwika kwawo, mitundu mazanamazana. Charles Sibley ndi Jon Ahlquist anayamba kuligwedeza ndi ntchito yawo ya mu 1990, ndipo kuyambira cha mu 2006 linaphwasulidwa kukhala mabanja angapo, Phylloscopidae, Cettiidae, Acrocephalidae, Locustellidae ndi ena. Madanga ndi elachura zija ndi DNA yomwe inaziwulula. Ngakhale zikopa zakale zimathandiza, amadula kachidutswa kakang'ono pansi pa chala cha mbalame nkutulutsamo DNA olo chikopacho chili ndi zaka 100.

Nkhani ya ma white-eye a kum'mawa kwa Africa ndi imene imaonetsa bwino mphamvu yake. A pa mapiri onse, kuyambira ku Ethiopia mpaka kumpoto kwa Tanzania, ankawerengedwa mtundu umodzi wotchedwa montane white-eye, poti onse ndi obiriwira kwambiri ndi mkombero waukulu wa pa diso. Zinkaoneka zomveka eti, a m'mapiri pamodzi a m'chigwa pamodzi. Kafukufuku wa mu 2014 anasonyeza kuti sichoncho, magulu ena a pa phiri abale awo apafupi ndi a m'chigwa osati a pa phiri loyandikana nalo, kutanthauza kuti maonekedwe a m'phiriwo anabwera kangapo paokhapaokha. Lero tili ndi wa ku Taita, wa ku South Pare, wa ku Kilimanjaro, wa ku Mbulu, wa Kikuyu, aliyense ndi dzina lake. Mbali inayi, speirops wa pa Mount Cameroon, wakuda mutu wotuwa thupi, anaikidwa mu genus ina (genus ndi kagulu ka mitundu yapachibale mkati mwa banja) chifukwa sankaoneka ngati anzake, DNA inamubweza kwawo kwa Zosterops, genus ya ma white-eye.

Koma ikafika pa funso lachiwiri lija DNA siyankha yokha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaterereka. Labu imakuuzani kuti magulu awiri anasiyana kalekale kapena posachedwa, siikuuzani kuti mzere wa mtundu ujambulidwe pati. Palibe peresenti imene ikakwana mumati basi iyi ndi mitundu iwiri. Ma white-eye mitundu yoposa 100 inatuluka m'zaka pafupifupi 2 miliyoni zokha, DNA yawo ndi yoyandikana kwambiri koma ena amakhala malo amodzi osakwatirana, pomwe mbalame zina zinasiyana kale kwambiri m'magazi koma nyimbo ndi nthenga sizinasinthe. Kafukufuku wambiri wakale ankayang'ananso DNA ya mitochondria yokha, imene mwana amatenga kwa mayi basi, ndiye mumamva mbiri ya kuchikazi kokha, ndipo imatha kudumphira mtundu wina ngati panachitika kukwatirana kamodzikamodzi kalelo. Pano akuwerenga genome, kutanthauza DNA yonse ya mbalameyo, nzabwino kwambiri, koma zimafuna ndalama, zilolezo zotenga magazi, ndi labu yokhala ndi zipangizo.

Palinso mfundo ya Joel Cracraft ya mu 1983, yoti gulu lililonse lokhala ndi mzere wakewake wa makolo komanso chizindikiro cholisiyanitsa likhale mtundu. Ndi yosavuta kuyesa, sifuna kuganizira zoti zikanakumana zikanatani. Koma pa mapiri, pomwe phiri lililonse ndi chilumba, mutha kumaliza muli ndi mtundu pa nsonga iliyonse, ndipo mawu oti mtundu amayamba kuchepa mphamvu. Ine sinditsatira imeneyi mpaka kumapeto.

Mapointi a Tobias

Mu 2010 Joseph Tobias, Nigel Collar ndi anzawo anabwera ndi njira yowerengera. Kusiyana kulikonse kumapatsidwa mapointi, 1 kukakhala kochepa, 2 kwapakati, 3 kwakukulu, 4 kukakhala koonekeratu kutali. Mumaloledwa kuwerenga zinthu zitatu za nthenga, ziwiri za miyeso ya thupi, ziwiri za mawu, chimodzi cha khalidwe kapena malo okhala, kuphatikiza mapointi ena ngati maguluwo amakhudzana malire. Zikakwana 7 ndi mtundu paokha, bola zisakhale zing'onozing'ono zokhazokha. Nambala 7 sanangoitola, anaiyesa pa mitundu yodziwika kale imene imakhala malo amodzi osasakanikirana. Bungwe loteteza mbalame la BirdLife International linagwiritsa ntchito njirayi pa mbalame za dziko lonse, mu 2014 ndi 2016, ndipo mu 2016 mokha mitundu 742 yongozindikiridwa kumene inalowa pa Red List ya bungwe la IUCN, mndandanda woonetsa kuti mtundu uliwonse uli pangozi yotani yotheratu.

Chimene ndimaikondera ndi choti masamu ake ali poyera, mukatsutsa mumaloza pointi imene simukugwirizana nayo, komanso ndi yachangu, ndipo nkhalango zikutha sizidikira labu. Chofooka chake, DNA siilowa m'mapointimo, komanso kusankha pakati pa 2 ndi 3 pa mtundu wa pakhosi ndi maso a munthu, wina aona 6 wina aona 7. Timbalame tofanana nthenga ngati ma warbler aja timavutika kukwanitsa 7 ngati palibe amene anatijambula mawu.

Nde titsate iti?

Pa banja ndi genus, DNA, ndipo ikhale ya majini ambiri osati imodzi. Pa mtundu ine ndimayamba ndi nyimbo, kenako ndimafunsa ngati DNA ndi nthenga zikuvomereza. Zitatuzi zikaloza kumodzi, ngati pa thrush ya salimalii ija, ndimalandira ndi manja awiri. Ikakhala DNA ya mitochondria yokha, mbalame zochepa, mawu osajambulidwa, ndimadikira kaye. Ndi mmene anachitira Frank Rheindt ndi gulu lake pamene mu 2020 analengeza mitundu 5 yatsopano ndi timitundu 5 kuchokera ku zilumba za kufupi ndi Sulawesi, yambiri ya m'mapiri a Taliabu ndi Peleng, anaphatikiza zikopa, mawu ndi DNA osati chimodzi.

Za mindandanda ya maina a mbalame za dziko lonse ndingodutsa mwachangu. IOC World Bird List inkafulumira kulandira zogawa zatsopano, Clements ndi imene ma app a eBird ndi Merlin amatsatira, Howard and Moore ndi yodekha imasintha mochedwa, ya BirdLife ndi imene Red List imayendera. Mu June 2025 kunatuluka AviList yofuna kugwirizanitsa mbali zimenezi, ndi mitundu 11,131. Amene mukuyamba kumene tsatani imene app yanu ikugwiritsa ntchito, koma muzilemba kuti ndi uti komanso wa chaka chanji.

Wina atha kufunsa kuti kodi kambalameko kali nazo ntchito zoti tikutcha chiyani? Timba sachepa ndi mazira ake, zoona, kamakhala moyo wake kaya tili ndi dzina kaya tilibe. Koma Red List ya mbalame imawerenga mitundu osati timitundu, ndipo ndalama zotetezera nkhalango nthawi zambiri zimatsata mndandanda umenewo. Bar-throated apalis ndi yofala, siili pangozi. Koma ya ku Taita Hills ku Kenya, ya pa Namuli, ndi ya khosi lachikasu ya ku Mulanje ndi Zomba, zonsezi zinkawerengedwa ngati timitundu take, ndipo zikanakhala choncho zikanabisika pansi pa dzina la mbalame yopanda vuto. Itaima payokha, Taita apalis inapezeka kuti ili pa Critically Endangered, mlingo wotsiriza mbalame isanathe kutchire, ikungodalira tizidutswa ta nkhalango totsala pa mapiriwo. Komabe sindingavomereze kugawa mtundu pongofuna kuti upeze chithandizo, chifukwa tsiku limene zidzadziwike kuti umboni unali wofooka anthu adzasiya kukhulupirira ngakhale zogawa zoona.

Kwa inu oyenda ndi bayinokyula ndi kabuku, pali chinthu chimodzi chothandiza pa njira zonsezi: musamalembe dzina lokha. Lembani phiri, kutalika kwa malo mu mamita, mtundu wa diso ndi miyendo, ndipo kakaimba jambulani olo masekondi 30 nkuika pa xeno-canto kapena eBird. Amene analemba montane white-eye basi mu 2010 lero sangadziwe kuti anaona uti, koma amene anawonjezera kuti Taita Hills kapena South Pare akutha kubwerera m'kabuku kake nkulemba dzina latsopano, ndipo mawu amene anajambula akadali oti wina nkuwayeza pa sonogram.